Khasu Tikulimirali Ndi la Yani? Mbiri ya Zida za Dizayina Woima Payekha

Mwezi wa Juni chaka chatha, cha m'ma 9 koloko usiku, amayi ena a kutchalitchi kwathu anandiimbira foni. Bambo awo anali atatisiya m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo maliro anali oti aikidwa mkuja. "Mwanangu, paja umakonza timabuku ta mwambo wa maliro. Utithandize, tikufuna makope 200 mawa masana." Ndinawapepesa, kenako ndinati, "Musade nkhawa mayi, mungonditumizira chithunzi ndi mbiri yawo."

Ndinalonjeza mosaganiza kawiri chifukwa miyezi itatu m'mbuyomo ndinali nditakonza kabuku kofanana nako. Ntchito inali yongosintha chithunzi, dzina ndi manambala a nyimbo. Koma nditatsegula laputopu ndinapeza kuti malipiro anga a mwezi umenewo ku pulogalamu ya pa intaneti imene ndinkagwiritsa ntchito sanadutse, khadi langa linali litakana kulipira madola. Kabuku kaja ndimakaona pa sikirini bwinobwino, koma mafonti ndi zokongoletsa zina zinali zokhoma, ndipo sindikanatha kutulutsa fayilo yoti nkupita nayo kosindikiza. Ndinachezera usiku wonse kuyambiranso ndi pulogalamu ina yaulere imene ndinali ndisanaizolowere.

M'mawa, pashopu yosindikizira, ndinadandaulira abambo ena achikulire amene amadula mapepala pamenepo. Iwo ali mnyamata ankatola zilembo za chitsulo pamanja ku makina osindikizira a mishoni. Anangoseka n'kunena kuti, "Mwana wanga, khasu lobwereka silichedwa kuguluka. Komatu nafenso makina sanali athu."

Ine ndimaphunzira mbiri yakale, zojambulajambulazi ndi ganyu wopezera ndiwo ndi bandulo. Choncho mawu amenewa anandituma kukafufuza: zida zimene timakonzera maposita, malogo ndi mawebusayiti zinachokera kuti, ndipo zinakhalapo zathu liti? Chimene ndapeza n'chakuti m'badwo uliwonse wa zida unatipatsa liwiro, koma nthawi imene dizayina anagwira yekha kiyi wa zida zake inali yaifupi kwambiri, yosakwana zaka 30.

Nthawi ya mtovu ndi phula

Kuyambira pamene Johannes Gutenberg anayamba kusindikiza ndi zilembo za chitsulo ku Mainz cha m'ma 1450, tsamba lililonse linkamangidwa pamanja, chilembo chimodzichimodzi, kwa zaka zoposa 400. Kusintha kwakukulu kunadza mu 1886, pamene nyuzipepala ya New York Tribune inayamba kugwiritsa ntchito makina a Linotype amene anapanga Ottmar Mergenthaler. Munthu ankatayipa, makinawo n'kuumba mzere wonse wa mawu ndi mtovu wosungunula. Kwathu kuno luso losindikiza linafika ndi amishoni, ndipo malo ngati Blantyre, Livingstonia, Nkhoma ndi Likuni ndi amene anaphunzitsa Amalawi ambiri kutola zilembo.

Pofika m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, mtovu unayamba kusiyira malo makina ojambula zilembo pa pepala la zithunzi pogwiritsa ntchito kuwala. Taganizani tsiku la dizayina woima payekha wa ku London kapena New York nthawi imeneyo. Ankawerengera pamanja kuti mawu a kasitomala adzadza malo aakulu bwanji, n'kulemba malangizo a fonti ndi kukula kwake, n'kutumiza ku kampani yotayipa. Ankadikira tsiku kapena kuposa. Mawu akabwera pa timapepala titalititali, ankawadula ndi mpeni n'kuwamata ndi phula pa katoni. Mawu oti cut ndi paste, amene timadina tsiku lililonse, ndi dzina la ntchito imeneyi. Mitu ikuluikulu ankaikhutiza kuchokera pa mapepala a Letraset, kampani ya ku London imene inayamba mu 1959. Kasitomala akasintha chiganizo chimodzi, ndalama zina ndi tsiku lina zinali zitapita.

Dizayinayu anali ndi lula, mpeni, pensulo ndi maso ake. Makina enieni anali a makampani, ndipo mtengo wake munthu mmodzi sakanaukwanitsa. Abambo aja sananame.

Chaka cha 1985

Zinthu zitatu zinakumana m'kanthawi kochepa. Mu Disembala 1982, John Warnock ndi Charles Geschke, amene ankagwira ntchito ku malo ofufuzira a Xerox PARC ku California, anayambitsa kampani ya Adobe. Iwo anapanga PostScript, chiyankhulo chofotokozera tsamba kudzera m'masamu. M'malo mouza pirinta kadontho kalikonse, kompyuta inkangonena kuti mzere uyambire apa, ukhotere apo, chilembo chikule chonchi. Ubwino wake unali wakuti fayilo yomweyo inkatuluka pa pirinta ya mu ofesi komanso pa makina aakulu osindikizira, tsamba osasintha maonekedwe.

Chachiwiri chinali kompyuta ya Macintosh imene Apple inatulutsa mu Januwale 1984 pa mtengo wa $2,495, yokhala ndi mbewa komanso sikirini yoonetsa zilembo monga mmene zidzaonekere pa pepala. Chaka chotsatira Apple inatulutsa pirinta ya LaserWriter, ya $6,995, yomva PostScript.

Chachitatu chinachokera ku Seattle. Paul Brainerd, amene anagwirapo ntchito ku nyuzipepala, anayambitsa kampani ya Aldus, ndipo mu Julaye 1985 anatulutsa PageMaker pa $495. Dzina la kampaniyo analitenga kwa Aldus Manutius, wosindikiza mabuku wa ku Venice amene cha m'ma 1500 anatchukitsa timabuku tating'ono tonyamula m'manja komanso zilembo zopendekera. Brainerd yemweyo ndi amene anafalitsa mawu oti desktop publishing, kutanthauza kusindikiza uli pa tebulo lako.

Mukaphatikiza mitengo itatuyo mupeza pafupifupi $10,000. Ndi ndalama zambiri, koma inali nthawi yoyamba kuti munthu mmodzi agule fakitale yonse n'kuiika m'chipinda chake. Kusintha chiganizo kunasanduka ntchito ya mphindi imodzi. Ophunzira mbirife sitiyenera kuiwala mbali inayo: makampani otayipa ambiri anatsekedwa m'zaka zotsatira, ndipo anthu amene anathera moyo wawo pa luso limenelo anachotsedwa ntchito. Ntchito yawo sinathe, inangosamukira pa mutu wa dizayina. Kuyambira pamenepo munthu mmodzi anakhala wojambula, wotayipa, wowerenga zolakwika ndi wokonza kompyuta, kawirikawiri pa malipiro amodzi.

Mizere ndi timadontho

Zida zimene zinatsatira zinagawika m'mabanja awiri amene alipo mpaka lero, ndipo aliyense wofuna kukonza logo ayenera kuwasiyanitsa.

Banja loyamba ndi la mizere ya masamu, limene limatchedwa vector. Adobe Illustrator inatuluka mu 1987. Cholembera chake chimagwiritsa ntchito mizere yokhota ya Bézier, dzina la Pierre Bézier, injiniya wa kampani ya magalimoto ya Renault ku France amene m'zaka za m'ma 1960 ankaigwiritsa ntchito pojambula mabodi a galimoto. Popeza chojambulacho ndi masamu, logo yomweyo imaoneka bwino pa khadi laling'ono komanso pa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu. Mu 1989 kampani ya Corel ya ku Ottawa, Canada, inatulutsa CorelDRAW ya makompyuta a Windows, amene anali otsikirako mtengo. Mpaka lero mukalowa m'mashopu ambiri osindikiza matisheti ndi mabana m'tauni muno, mupeza ndi imene ili pa sikirini.

Banja lachiwiri ndi la timadontho, mapikiselo. Mu 1987 Thomas Knoll, wophunzira pa University of Michigan, analemba kapulogalamu koonetsera zithunzi pa Macintosh yake. Mchimwene wake John, amene ankagwira ntchito ku Industrial Light & Magic, kampani yokonza zodabwitsa za m'mafilimu, anamulimbikitsa kuti akakulitse. Adobe inatenga chilolezo chogulitsa, ndipo Photoshop 1.0 inatuluka mu Febuluwale 1990. Chinthu chimene ndimachiona ngati chofunika kwambiri chinabwera mu 1994 ndi Photoshop 3.0: ma layer, magawo osanjikizana ngati magalasi oonekera. Zimenezi zisanabwere, ukaika mawu pa chithunzi n'kusunga, ndiye kuti akanirira pomwepo. Ma layer atabwera, kasitomala akati dzina likwere pang'ono, umangolikweza. Kwa munthu waganyu, amene phindu lake limathera pa zosinthasintha za kasitomala, palibe mphatso inaposa imeneyo.

M'nthawi imeneyi pulogalamu inkabwera m'katoni, ndi madisiki ndi buku lake. Ukagula, inali yako mpaka kompyuta itafa. Koma makampani anayamba kumezana. Adobe inatenga Aldus mu 1994, ndipo mu 1999 inatulutsa InDesign kuti ilimbane ndi QuarkXPress, imene inkalamulira ntchito za manyuzipepala ndi magazini. PageMaker, amene anayambitsa zonse, anasiyidwa pang'onopang'ono mpaka kutha.

Tsamba lopanda pepala

Mu Malichi 1989, Tim Berners-Lee wa ku CERN, malo ofufuza za sayansi a kufupi ndi Geneva, analemba ganizo limene linabala World Wide Web. Pa 30 Epulo 1993, CERN inalengeza kuti luso limeneli ndi laulere kwa aliyense, popanda kulipira chilolezo. Tsiku limeneli ndi lofunika pa nkhani yathu, chifukwa ndi chifukwa chake mpaka lero mungathe kulemba webusayiti ndi kapulogalamu kolembera mawu kalikonse, osapempha munthu.

Vuto linali lakuti HTML inapangidwira malipoti a asayansi, osati zokongola. Madizayina oyamba ankabera: ankagwiritsa ntchito matebulo a manambala poyala tsamba, n'kumaika kachithunzi kosaoneka ka pikiselo imodzi kuti kakankhe mawu pamalo ofunika. Yankho loyenera, CSS, analiganiza Håkon Wium Lie wa ku Norway mu 1994, ndipo linavomerezedwa mu Disembala 1996. Ganizo lake ndi losavuta: mawu akhale m'fayilo imodzi, maonekedwe m'fayilo ina, kuti ukasintha mtundu pamalo amodzi usinthe pa masamba onse. Komabe panapita zaka ma browser asanayambe kumvera malamulowa mofanana, ndipo madizayina ankataya maola kukonza tsamba limodzi kuti lioneke bwino mu Netscape ndi mu Internet Explorer momwe.

Kampani ya Macromedia inapezerapo msika. Inagula kapulogalamu kamene inakatcha Flash mu 1996, ndipo mu 1997 inatulutsa Dreamweaver. Flash inkalola zithunzi zoyenda, nyimbo ndi magemu, ndipo achinyamata ambiri anamanga ntchito yawo yonse pa iyo. Mu 2005 Adobe inagula Macromedia pa ndalama pafupifupi $3.4 biliyoni. Zotsatira zake zinagwera anthu wamba. FreeHand, pulogalamu ya mizere imene inkapikisana ndi Illustrator, inaleka kukonzedwa, ndipo amene anasunga ntchito za zaka zambiri m'mafayilo ake anayamba kuvutika kuzitsegula. Flash nayo inagwa. iPhone, imene inatuluka mu 2007, sinkaivomera, mu Epulo 2010 Steve Jobs analemba kalata yofotokoza chifukwa chake, ndipo pa 31 Disembala 2020 Adobe inaitseka. Masamba amene analembedwa mu HTML wamba mu 1995 akutsegukabe lero, pamene a Flash a mu 2005 amafuna zida zapadera kuti uwaone.

Pakati pa zonsezi, mu Meyi 2003, Matt Mullenweg, amene anali ndi zaka 19, ndi Mike Little wa ku England anatulutsa WordPress, yaulere ndiponso yololedwa kusinthidwa ndi aliyense. Lero mawebusayiti oposa 40 pa 100 aliwonse amayendera imeneyi. Ubwino wake kwa waganyu ndi wakuti kasitomala amatha kusintha yekha mawu, osakuimbira usiku chifukwa cha nambala ya foni imene yasintha.

Chaka chimene tinakhala alendi

Mu Meyi 2013 Adobe inalengeza kuti Creative Suite 6, imene inatuluka mu 2012, ndi yomaliza kugulitsidwa kamodzi n'kamodzi. Zatsopano zonse zikhala za Creative Cloud, zolipira mwezi ndi mwezi, pafupifupi $50 pa mapulogalamu onse. Kuchokera mu 1985 kufika apa ndi zaka 28 zokha.

Tinene chilungamo, kusinthaku kunali ndi ubwino wake. Photoshop CS6 yokha inkagulitsidwa $699, ndipo katoni ya mapulogalamu onse inkapitirira $2,500. Wophunzira amene sakanapeza ndalama zimenezo nthawi imodzi akanatha kuyamba ndi za mwezi umodzi. Tinenenso chilungamo china chimene tonse timachidziwa: kuno ambirife sitinagulepo makatoni aja. Mapulogalamu ankayenda pa CD ndi pa fulashi, obedwa, ena ali ndi mavairasi mkati. Choncho sindinganame kuti tinali eni ake kenako tinalandidwa. Nyengo ya umwini ija inali ya ena, ife tinkangosuzumira pa windo.

Koma lendi ili ndi khalidwe lake, ndipo mbiri yatipatsa kale zitsanzo. Mu Okutobala 2019, boma la America litaika ziletso pa dziko la Venezuela, Adobe inauza makasitomala ake a m'dzikomo kuti maakaunti awo atsekedwa pofika kumapeto kwa mweziwo. Kampaniyo inabweza ganizoli itapeza chilolezo ku boma, koma kwa masabata angapo madizayina amene sanalakwe chilichonse sankadziwa ngati adzagwiranso ntchito. Chakumapeto kwa 2022, mgwirizano wa Adobe ndi kampani ya mitundu ya Pantone utasintha, anthu ena anatsegula mafayilo awo akale n'kupeza mitundu ina yasanduka yakuda, pokhapokha atalipira ndalama ina ya pamwezi. Mu 2024 InVision, imene zaka zochepa m'mbuyomo inali chida chotchuka choonetsera makasitomala mmene webusayiti idzayendere, inalengeza kuti itseka ntchito zake kumapeto kwa chakacho.

Kwa ife palinso nkhani ya kwacha. Mu Novembala 2023 ndalama yathu inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Lendi ya $50 inachoka pa K59,000 kufika pa K85,000 usiku umodzi, pamene mtengo wa posita ya ukwati unali womwewo. Ndipo ngakhale ukhale ndi makwacha okwanira, kusowa kwa ndalama zakunja kumatanthauza kuti khadi likhoza kukana, monga linandichitira ine.

Zonse mu browser

M'badwo umene ambirife tinayambira ndi wa zida zosafuna kuikidwa mu kompyuta. Melanie Perkins, ali wophunzira pa yunivesite ku Perth, Australia, ankaphunzitsa anzake mapulogalamu ojambulira n'kuona mmene ankavutikira kungodziwa pamene pali mabatani. Iye ndi Cliff Obrecht anayamba ndi bizinesi yokonza mabuku a chikumbutso a m'masukulu, ndipo mu 2013, pamodzi ndi Cameron Adams, anatulutsa Canva. Figma anaiyambitsa mu 2012 Dylan Field ndi Evan Wallace, amene anakumana pa Brown University, ndipo inatsegulidwa kwa anthu onse mu 2016. Chatsopano chake chinali chakuti anthu angapo amatha kugwira fayilo imodzi nthawi imodzi, kasitomala n'kumalemba ndemanga pa chojambula chomwecho. Amene munatumizapo mafayilo otchedwa "yomaliza", "yomaliza2" ndi "yomaliza yeniyeni" mukudziwa mtolo umene unatulidwa.

Mu Sepitembala 2022 Adobe inalengeza kuti igula Figma pa $20 biliyoni. Madizayina ambiri anakumbukira FreeHand. Ulendo uno mabungwe oona za mpikisano pa malonda a ku Britain ndi European Union anaumitsa khosi, ndipo mu Disembala 2023 malondawo analephereka, Adobe n'kulipira Figma $1 biliyoni. Patangopita miyezi itatu, mu Malichi 2024, Canva inagula Affinity, mapulogalamu a ku England amene anthu ankathawirako chifukwa ankagulidwa kamodzi kokha.

Nthawi yomweyi msika nawo unasamukira pa intaneti. Fiverr inayamba mu 2010 ndi ntchito za $5, ndipo Upwork inatenga dzinali mu 2015 pambuyo pa kuphatikizana kwa Elance ndi oDesk. Misika imeneyi imalola mnyamata wa ku Zomba kupeza kasitomala wa ku Toronto, komanso imamuika pa mzere umodzi ndi anthu a ku Lahore ndi Manila, onse akutsitsirana mitengo. Apa ndi pamene ndinamvetsa chinthu chimene chimabwerezabwereza m'mbiri yonseyi. Chida chikafupikitsa ntchito ya masiku atatu kukhala ya maola atatu, dizayina amasangalala kanthawi kochepa. Kenako msika umazolowera, kasitomala n'kuyamba kufuna ntchitoyo m'maola atatu pa mtengo wa maola atatu. Zinachitika ndi PageMaker, zinachitika ndi Canva, ndipo zikuchitikanso ndi zida za AI zimene zimajambula ukangolemba chiganizo.

Njira ina imene inalipo nthawi yonseyi

Pali mbiri ina imene imayenda m'mbali mwa imeneyi, ndipo ndi imene inandipulumutsa usiku wa maliro uja. Mu 1995, Spencer Kimball ndi Peter Mattis, ophunzira a pa University of California ku Berkeley, anayamba kulemba GIMP, pulogalamu yaulere yokonzera zithunzi. Inkscape, ya mizere, inayamba mu 2003. Scribus imagwira ntchito yoyala masamba a mabuku, ndipo Penpot ya ku Spain imayesa kuchita zimene Figma imachita. Nkhani ya Blender imandisangalatsa kwambiri: kampani ya ku Netherlands imene inkaipanga itagwa, mu 2002 anthu oigwiritsa ntchito anasonkha mayuro 100,000 m'masabata asanu ndi awiri n'kuiombola kuti ikhale ya aliyense.

Chofunika kuposa mapulogalamuwa ndi mitundu ya mafayilo. Chakumapeto kwa 1994 kunamveka kuti kampani ya Unisys iyamba kulipiritsa chifukwa cha luso limene lili m'kati mwa zithunzi za GIF. Anthu odzipereka anakhala pansi n'kupanga PNG, imene inavomerezedwa mu 1996 ndipo ilibe mwini. SVG, ya zojambula za mizere, inavomerezedwa mu 2001. PDF, imene Adobe inapanga mu 1993, inakhala muyezo wa dziko lonse wa ISO mu 2008. Fayilo ya mtundu wotere imatseguka m'mapulogalamu ambiri, ndipo siifa kampani imodzi ikafa.

Sindikuuzani kuti zaulere ndi zabwino pa chilichonse. Zina n'zovuta kuphunzira, zina zimavuta pokonza mitundu yopita ku makina aakulu osindikizira, ndipo bwana wa kampani yotsatsa malonda akakufunsani pa intavyu amayembekezera kumva mayina otchuka aja. Koma usiku umene khadi lakana, kapena bandulo yatha, zimatseguka.

Kachilembo kamodzi

Pali chinthu china chaching'ono chimene chimandikumbutsa kuti zida zimenezi sanapangire ife. Yesani kulemba Malaŵi, kapena mawu a Chitumbuka oti ŵanthu, mu fonti yokongola imene mwaitenga pa intaneti. Kawirikawiri pamalo pa ŵ pamatuluka kabokosi, kapena chilembo cha fonti ina chooneka ngati mlendo pa ukwati. Mindandanda ya zilembo imene makompyuta a m'ma 1980 ankagwiritsa ntchito inali ndi malo 256 okha, ndipo anadzazidwa ndi zosowa za ziyankhulo zikuluzikulu za kumadzulo kwa Ulaya. Unicode, imene inayamba mu 1991, inapatsa ŵ nambala yake, ndipo tili ndi mwayi kuti chiyankhulo cha ku Wales nacho chimagwiritsa ntchito chilembochi. Koma nambala si chojambula. Wopanga fonti aliyense amasankha yekha ngati achijambula kapena ayi. Abambo a pashopu aja anandiuza kuti iwo chilembo chikasowa m'kabati ankachita kupeza nzeru ndi zitsulo zimene zilipo. Ife tikuchitabe zomwezo, kungoti ndi mbewa.

Zimene ndasintha

Kabuku kaja kanatuluka 2 koloko masana. Sikanali kokongola ngati koyamba, koma dzina la malemu linalembedwa molondola ndipo nyimbo zinali m'malo mwake. Amayi aja anandipatsa ndalama imene tinagwirizana, n'kuonjezera botolo la thobwa.

Sindinasiye kulipira lendi. Mwezi umene ntchito zachuluka ndimalipira, chifukwa liwiro lija ndi lenileni ndipo mayeso sadikira. Koma ntchito iliyonse ndikamaliza ndimaisunganso mu PDF, SVG kapena PNG pa fulashi ndi pa laputopu, pamodzi ndi mawu ake m'fayilo wamba. Ndimasankha mafonti amene chilolezo chake chimandilola kuwasunga, ndipo ndimayamba ndalemba ŵ ndisanawakonde. Kasitomala wa webusayiti ndimamulembetsera dzina la webusayitiyo m'dzina lake, kuti ine ndisakhale landilodi wa wina. Mtengo ndimatchula wa ntchito, osati wa maola. Ndipo Loweruka lililonse ndimapatula ola limodzi kugwira Inkscape ndi Scribus, ngakhale palibe chondikakamiza.

Anzanga amene mukuyamba ganyu ameneyu mumakonda kundifunsa kuti pulogalamu yabwino ndi iti. PageMaker inali yabwino, FreeHand inali yabwino, Flash inali yabwino. Abambo aja makina amene anaphunzirira anagulitsidwa kalekale ngati zitsulo zakutha, koma tsiku lija atangoyang'ana kabuku kanga anandiuza kuti mizere ya tsamba lachitatu yathithikana kwambiri, okalamba avutika kuwerenga ku manda. Ndinabwerera pa laputopu n'kuitalikitsa, ndipo tinasindikiza.